Mitengo ya ku Kabula: Nanga Mwini Wake Ndani?

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za mitengo ya mu mzinda wa Blantyre, umene akuluakulu autcha Kabula. Kapena ena mwa inu awerengi mudzafunsa kuti, nanga ife a kumudzi zitikhudza bwanji za mitengo ya m'tauni? Zikukhudzani ndithu. Ambiri a inu muli ndi mwana, mlongo kapena mlamu amene akhala ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa kapena kwa Machinjiri. Ena mumapitako kukagulitsa mbatata ndi nkhuku, ena kukaona odwala. Ndiponso makala amene abale athu a kumeneko aphikira nsima achokera kwa inu, m'midzi ya ku Neno, Mwanza, Chikwawa ndi madera a kumidzi a boma la Blantyre lomwe. Tsono nkhani ya mitengo ya m'tauni ndi nkhani ya kumudzinso.

Amene munafikako mudziwa kuti Blantyre ndi mzinda wa pakati pa mapiri. Pamene amishoni a ku Scotland anafika m'chaka cha 1876 m'dziko la mfumu Kapeni, chimodzi cha zinthu zimene zinawakopa ndi madzi abwino oyenda m'timitsinje tochokera m'mapiri amenewa. Lero malo okhala anthu ambiri atsamira mapiri omwewo. Ndirande ali pa tsinde pa phiri la Ndirande, ndipo Machinjiri ali kuseri kwake. Chilomoni ali kunsi kwa Michiru. Zingwangwa ndi Chilobwe ayang'anana ndi Soche, pamene Bangwe ali chakum'mawa, kupitirira Limbe, pafupi ndi mapiri a Bangwe ndi Mpingwe. Pa kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti mu mzindamo muli anthu oposa 800,000. Anthu onsewa afuna moto wophikira tsiku ndi tsiku, afuna njerwa, afuna malo omangapo, ndipo afuna madzi.

Za phiri la Ndirande

Boma linapatula phiri la Ndirande kuti likhale nkhalango yotetezedwa m'chaka cha 1922. Kwa zaka zambiri phirilo linali lofunda bwino ndi mitengo, ina yachilengedwe, ina yobzala monga paini ndi bulugamu. Ine wolemba nkhaniyi sindinaione nkhalango imeneyo, pakuti ndinabadwa itatha kale. Koma funsani munthu aliyense wachikulire amene anakulira ku Ndirande, adzakuuzani kuti ana ankaopa kulowamo okha, ndi kuti amayi ankatolamo bowa ndi nkhuni zouma.

Nkhalango imeneyi inatha m'zaka zowerengeka chabe, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, pa nyengo imene dziko lathu linali kusintha kayendetsedwe ka Boma, cha m'ma 1993 ndi 1994. Anthu anakwera ndi nkhwangwa ndi macheka, usana ndi usiku. Mitengo itatha analimamo minda, ndipo minda itakhazikika ena anayamba kumanga nyumba. Lero mukaima pa msika wa Ndirande ndi kukweza maso, muona miyala, mizere ya chimanga ndi madenga a malata akukwera phiri.

Si bwino kungonena kuti anthu amenewo anali oipa mtima. Ambiri anali osauka, ndipo nkhuni zinali pafupi. Koma pali chinthu china chimene tiyenera kuchiyang'anitsitsa. Anthu a m'munsi mwa phirilo sanaione nkhalangoyo ngati yawo. Ankati ndi ya Boma. Mlonda wa nkhalango anali munthu womuthawa, ndipo mayi wopezeka ndi mtolo wa nkhuni ankaulandidwa. Tsono pamene mantha anachoka, panalibenso chifukwa china choletsa munthu kudula. Aliyense anati, ndikapanda kudula ine, adula mnzanga.

Koma taonani chodabwitsa. Mu Ndirande momwemo, m'munsi mwa phiri lopanda mitengolo, muli mitengo ya mango, ya mapeyala ndi ya magwafa yoimirira pakati pa nyumba zothithikana. Ina ndi ikuluikulu, yakale kuposa nyumba zimene iphimba. Nkhuni zasowa zaka zonsezi, koma palibe anaigwetsa. Chifukwa ninji? Chifukwa uliwonse uli ndi mwini wake, amene angatuluke m'nyumba akamva nkhwangwa. Ndi mmenenso zilili kwanu kumudzi. Mukaona kuchokera patali malo amodzi obiriwira pakati pa minda yoyera, mudziwiratu kuti pamenepo ndi pa manda. Mitengo ya kumanda ndi nkhuni zabwino monga ina iliyonse, koma mudzi wonse udziwa mwini wake ndi mwambo wake, ndipo mfumu siichita kulemba mlonda.

Ntchito ya mtengo pa phiri

Aphunzitsi angathe kuonetsa ana a sukulu chinthu ichi mosavuta. Tengani ndowa ziwiri za madzi. Ina muthire pa malo otsetsereka pamene pali udzu ndi masamba ofota, inayo pa malo otsetsereka osesa bwino. Pa malo oyamba madzi ayenda pang'onopang'ono nalowa pansi. Pa malo achiwiri athamanga, ndipo afika kumunsi ali ofiira.

Ndi momwemo pa phiri. Masamba a mtengo alandira madontho a mvula kuti asamenye nthaka ndi mphamvu. Zinyalala zogwa pansi zichedwetsa madzi. Mizu imanga dothi monga luzi limanga mtolo, ndiponso itsegula njira zoti madzi alowere pansi. Madzi olowa pansiwo ndi amene atuluka pang'onopang'ono m'akasupe ndi m'zitsime m'mwezi wa Okutobala. Phiri likakhala lopanda mitengo, madzi a mvula yonse atsika tsiku limodzi, nakumba zigwembe m'misewu, nagumula zimbudzi, ndipo chilimwe chikafika mitsinje iuma msanga.

Mtsinje wa Mudi uyambira ku phiri la Ndirande. Pa mtsinje umenewu anamangapo damu m'zaka za m'ma 1950 kuti anthu a mu mzinda azimwa. Popeza m'mbali mwa damulo ndi kumtunda kwake mitengo inachepa ndipo anthu analima, mvula ikagwa dothi limatsikira m'damumo. Damu lodzala matope lisunga madzi ochepa, ndipo madzi ake afuna mankhwala ambiri kuti ayere. Madzi ambiri amene Blantyre Water Board ipereka achokera kutali, ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo achita kuwapopa ndi magetsi kukwera chitunda chonsecho. Madzi okwera phiri ndi makina sangatchipe. Mayi wa kwa Machinjiri amene aima pa mzere m'mbandakucha kugula madzi ndi chigubu chake alipirako mtengo umenewu, ngakhale iye sadziwa.

Apa ndi pamene nkhaniyi ifika kwa inu a kumudzi. Dothi lokokoloka m'madera a m'mbali mwa Shire, kumene mitengo yapita ku makala, litsikira mu mtsinje womwewo. Livuta pa malo opopera madzi aja, livutanso pa Nkula ndi Tedzani pamene apangira magetsi. Magetsi akazima, a m'tauni amene akadaphikira magetsi agula makala. Makala akafunika ambiri, mitengo inanso igwa kumudzi. Chinthuchi chizungulira chotere chaka ndi chaka.

Zimene zinaoneka mu Malichi 2023

Palibe Mmalawi amene waiwala namondwe wa Freddy. M'mwezi wa Malichi 2023 mvula inagwa masiku angapo osalekeza m'chigawo cha kum'mwera. Pa phiri la Soche matope, madzi ndi miyala ikuluikulu zinatsika usiku ndi kukwirira nyumba za anthu ku Chilobwe ndi malo oyandikana nawo. M'dziko lonse anthu oposa 600 anapezeka atamwalira, ndipo ena mazanamazana sanaonekenso. Mitembo yambiri inafika pa chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo maliro ake anakalirika m'midzi yambiri ya kutali, pakuti anthu a ku Chilobwe ndi ana a m'midzi yathu yomweyi.

Tinene zoona pa nkhani imeneyi. Mvula ija inali yoopsa kotero kuti ngakhale phiri lokhala ndi nkhalango likanatha kugumuka pena ndi pena. Sitinganene kuti mitengo yokha ikadapulumutsa aliyense. Koma pali zinthu ziwiri zimene sitingakane. Choyamba, nthaka yopanda mizu yoimanga isefukira msanga ikakhuta madzi. Chachiwiri, pamene kale panali nkhalango panali patamangidwa nyumba, m'malo otsetsereka ndi m'njira za madzi. Mwala ukagubuduka m'nkhalango uthyola mitengo. Ukagubuduka pamene pali nyumba upha anthu ali m'tulo.

Chifukwa chake, ngati mwana wanu wa ku tauni akulemberani kapena kukuimbirani foni kuti wapeza puloti yotchipa pamwamba pa phiri, mufunseni bwino. Malo amenewo atchipa pa chifukwa.

Phindu la mtengo wa pakhomo

Tsopano titsike m'phiri tilowe m'makomo. Nyumba zambiri za ku Bangwe ndi Zingwangwa ndi za malata, zopanda siling'i. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala m'nyumba zotere mutentha ngati mu uvuni, ndipo mwana wakhanda kapena wodwala avutika. Pakhomo pamene pali mtengo wamthunzi, amayi aphikira panja, ana asewera pansi pake, ndipo telala kapena wokonza nsapato aika ntchito yake pomwepo osalipira lendi ya shopu. Mitengo ichepetsanso fumbi la m'misewu, ndipo ithyola mphamvu ya mphepo ya mkuntho imene chaka ndi chaka isasula madenga a sukulu ndi matchalitchi.

Koma phindu limene anthu amvetsa msanga ndi la m'thumba. Mtengo umodzi wa mapeyala wosamalidwa bwino upatsa banja zipatso zakudya ndi zina zokagulitsa ku msika wa Limbe kapena wa Blantyre, chaka ndi chaka, popanda kugula feteleza wambiri monga pa chimanga. Papaya abereka chaka chisanathe kapena chitangotha. Mango olumikiza ayamba kubereka patapita zaka zitatu kapena zinayi, ndipo sakula kwambiri, motero akwana pa puloti yaing'ono. Masamba a chammwamba ndi ndiwo. Nthambi zotengulira mtengo wa keshya ndi nkhuni zimene simunagule. Ndipo amene wayenda mu Ndirande waona akalipentala ambirimbiri akupala matabwa a zitseko, mipando, mabedi ndi mabokosi. Matabwa amenewo achokera kutali tsopano, ndipo mtengo wake ukwera. Munthu wobzala mbawa lero sadzaidula yekha kapena, koma asiyira ana ake chuma chimene mbala siingathe kunyamula usiku umodzi.

Vuto limodzi ndaliona m'makomo a m'tauni limene kumudzi kulibe. Anthu ambiri akhala m'nyumba za lendi. Wa lendi sabzala mtengo chifukwa sadziwa ngati chaka chamawa adzakhala pomwepo. Mwini nyumba naye akaona kamalo kotsala aganiza zomangapo chipinda china choti azilandirapo ndalama pa mwezi. Motero mtengo usowa malo pakati pa anthu awiriwa. Eni nyumba ena ndi inu nomwe amene munabwerera kumudzi mutapuma ntchito. Kumbukirani kuti nyumba ya mthunzi ndi zipatso siikhalitsa yopanda munthu.

Za makala ndi njerwa

Mabanja ambiri a mu Blantyre aphikira makala. Amene ayenda pa msewu wa Zalewa m'mamawa aona anyamata akukankha njinga zosenza matumba atatu kapena anayi, thukuta lili kamukamu. Ntchito imeneyi ndi yowawa, ndipo ndalama zambiri sizitsala kwa wootcha koma kwa ogula ndi kugulitsanso. Wootchayo atsala ndi zitsa ndi munda wokokoloka.

Lamulo la za nkhalango la m'chaka cha 1997 linena kuti munthu asaotche makala ogulitsa popanda chilolezo, ndipo m'chaka cha 2020 lamuloli linakhwimitsidwa, zilango zake zinakula. Boma silinena kuti anthu aleke kuphika. Lifuna kuti makala achokere ku mitengo imene munthu anabzala kapena asamalira, yoti ikadulidwa ina imere. Lilimbikitsanso mbaula zosatha nkhuni zambiri monga Chitetezo Mbaula, imene amayi a m'magulu aumba ndi dothi m'midzi yambiri. Za njerwa nazo, kuyambira m'chaka cha 2018 pali malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za Boma ndi zina zikuluzikulu, ndipo m'malo mwake agwiritsa ntchito mabuloko a simenti. Uvuni umodzi wa njerwa udya mitengo ikuluikulu imene inatenga zaka makumi kuti ikule.

Si koyamba Boma kuyesa kupezera mzindawu nkhuni. M'chaka cha 1986, ndi thandizo la dziko la Norway, linayambitsa ntchito ya Blantyre City Fuelwood Project, yobzala bulugamu pa malo a mafumu m'maboma a Blantyre, Chikwawa ndi Zomba. Pambuyo pake minda ya mitengoyo inaperekedwa m'manja mwa midzi. Kumene mfumu ndi komiti anagwirizana, ndipo anthu anaona poyera kumene ndalama za mitengo zipita, mitengo inakhalitsako. Kumene anthu anaona ngati phindu likudyedwa ndi ochepa, inatha monga ya ku Ndirande.

Kubzala ndi kusamala

Dziko lathu linayamba kukhala ndi tsiku lobzala mitengo pa 21 Januwale 1976. Tsopano tili ndi nyengo yonse yobzala, kuyambira pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo. Ndipo m'chaka cha 2016 Malawi analonjeza pamodzi ndi maiko ena a mu Africa kuti adzabwezeretsa mitengo ndi chonde pa mahekitala 4.5 miliyoni. Chaka chilichonse magulu a mipingo, a sukulu, a makampani ndi a Khonsolo ya Mzinda akwera Ndirande, Soche ndi Michiru ndi mbande m'manja. Ntchitoyi ndi yabwino. Koma mitengo yonse imene inabzalidwa m'mapiri amenewa kuyambira 1976 ikadakula, bwenzi lero kulibe malo opondapo phazi. Tsiku lobzala kufika anthu ambiri, ena atavala malaya atsopano olembedwa za mitengo, ndipo ajambulidwa zithunzi. Tsiku lopalira kulibe munthu. Mbuzi, chiswe, moto wa osaka mbewa ndi khasu la mwini munda zimaliza ntchito. Paja akulu anati mmera mpoyamba, ndipo mbande imene yaphonya chisamaliro chaka choyamba siikhalanso mtengo.

Motero musanakumbe dzenje, yambani mwagwirizana kuti mtengowo ndi wa yani. Ngati ndi pa sukulu, mwana aliyense apatsidwe mitengo yake iwiri kapena itatu, dzina lake lilembedwe m'buku, ndipo akamaliza sukulu aisiyire mwana wina pamaso pa aphunzitsi. Ngati ndi nkhalango ya mudzi, lamulo la 1997 lija lilola mudzi kusankha komiti yoyang'anira zachilengedwe ndi kupanga malamulo ake, mothandizana ndi alangizi a za nkhalango. Malamulowo anene momveka amene aloledwa kutola nkhuni, tsiku lake, ndi kumene ndalama za milimo ndi matabwa zidzapita.

Sankhani mtengo woyenera malo ake. Bulugamu akula msanga, apatsa milimo yowongoka, ndipo aphukanso akadulidwa, koma amwa madzi ambiri. Musamubzale m'mbali mwa mtsinje, pafupi ndi chitsime kapena m'munda wa chimanga. M'mbali mwa mitsinje muike mbawa, mkuyu, katope ndi nsungwi. M'munda muyenera nsangu, imene iyoyola masamba nthawi ya dzinja ndi kuonjezera chonde, kapena mthethe ndi gilisidiya. Pakhomo pa m'tauni, pamene malo ali ochepa, muike mitengo ya zipatso, koma italikire khoma, chimbudzi, mapaipi a madzi ndi mawaya a magetsi. Mitengo yambiri ya m'tauni idulidwa chifukwa wobzala sanayang'ane kumwamba.

Dzenje la mtengo wamba likhale phazi limodzi kuya kwake ndi m'mimba mwake momwemo. La mtengo wa zipatso likhale mapazi awiri kapena kuposa, ndipo dothi lapamwamba mulisakanize ndi manyowa owola bwino. Chotsani chubu cha pulasitiki musanakwirire, pakuti ambiri aiwala zimenezi ndipo mizu ipindika. Bzalani mvula itakhazikika, makamaka mu Disembala ndi Januwale, kuti mbande igwire mvula isanathe. Mbande ya mu Epulo ifuna kuthirira. Tchingirani ndi minga kapena njerwa, palirani, ndipo mu Meyi kapena Juni lambulani njira yotchinga moto kuzungulira nkhalango yonse.

Pali njira inanso yosafuna ndalama, imene ndiganiza kuti tiinyoza chifukwa siioneka ngati ntchito. M'mapiri ambiri odulidwa, zitsa za mitengo yachilengedwe monga msuku, mombo ndi muwanga zikali zamoyo pansi. Chitsa chotere chili ndi mizu yakale yozama, motero mphukira zake zipirira chilala kuposa mbande ya ku nazale. Sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo mudule, ndipo muteteze malowo ku moto ndi ziweto. Patapita zaka zochepa mudzaona tchire likusanduka nkhalango, ndipo bowa ndi masuku zidzabwerera.

Amene afuna mbewu za mitengo kapena malangizo afunse kwa mlangizi wa za nkhalango wa m'dera lawo kapena ku ofesi ya za nkhalango ya pa boma. Mbewu zosankhidwa bwino zichokera ku Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba. Tipempha aphunzitsi ndi makomiti a m'midzi amene anabzala mitengo dzinja lapitali kuti aiwerengenso m'mwezi wa Okutobala, ndi kutilembera kalata yonena imene anabzala, imene yatsala yamoyo, ndi chimene chinapha inayo. Makalata amenewo tidzawasindikiza. Mwezi wamawa tidzakamba za kakonzedwe ka nazale ndi kafesedwe ka mbewu m'machubu.